Mphambano ya pa Folomu 3

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Folomu 4 zikatuluka, m'maparishi mwathu mumamveka nthungululu. Amai amabwera ndi nkhuku ya chopereka, abambo amaima panja pa tchalitchi nauza anzao, motsitsa mau koma mofuna kuti onse amve, kuti mwana wao wapeza mapointi 14, ndipo wansembe amapemphedwa Misa yothokoza. Zonsezi nzabwino, ndipo palibe angaletse kholo kukondwera. Koma pakapita miyezi ingapo, maina a osankhidwa kupita ku sukulu zaukachenjede akalengezedwa, ena mwa mabanja omwe aja amangoti duu, ngati pakhomo pagwa zovuta. Mwana wa mapointi 14 uja, amene kuyambira ali wamng'ono ankati adzakhala namwino, dzina lake silikuwoneka paliponse, pamene mnzake wa mapointi 22, amene palibe adamuimbira nthungululu, waitanidwa ku koleji ya unamwino. Apa mpamene amayambira manong'onong'o. Ena amati pachitika ziphuphu, ena amati achibale ansanje amuchita chipongwe mwanayo.

Ife sitinena kuti pansi pano chinyengo chidatha. Koma tikafufuza modekha, kaŵirikaŵiri timapeza kuti mlandu wa mwanayo udagamulidwa kale zaka ziŵiri zapitazo, pa tsiku limene palibe adalisunga pamtima, m'sabata zoyamba za Folomu 3. Tsiku limenelo mphunzitsi adaloŵa m'kalasi ndi pepala m'manja, nafunsa kuti ndani atenga maphunziro a sayansi, ndipo ndani aŵasiya. Mwana wa zaka 15 kapena 16 adakweza mkono, kapena sadakweze, ndipo nkhani idathera pomwepo. Atate ake anali kumunda kapena ku ntchito, amai ake sadauzidwe, ndipo wansembe wa parishi yake, yemwe uja wodzapemphedwa Misa yothokoza, sadadziŵe nkomwe kuti tsiku lotere lilipo. Mchitidwe umenewu ndiwo tifuna kuudzudzula pano, pakuti ngwosalungama, ndipo tonsefe tili nao mbali.

Tiyambe talongosola malamulo ake, poti ambirife timalankhula za mapointi osadziŵa m'mene amaŵerengedwera. Bungwe la MANEB, limene likulu lake lili ku Zomba, ndilo limalembetsa mayeso a MSCE, ndipo pa phunziro lililonse mwana amapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 nza amene apambana kwambiri, kuyambira 3 mpaka 6 ndiye kirediti, 7 ndi 8 nkungokhoza chabe, 9 nkulephera. Kuti mwana alandire satifiketi, ayenera kukhoza maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo, ndipo pakhale kirediti ngakhale imodzi; kapena akhoze maphunziro 5, Chingerezi chili momwemonso, ndi makirediti atatu. Mapointi timaŵaimbira nthungululu aja amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino koposa. Nchifukwa chake wa mapointi ochepa ndiye katswiri, ndipo palibe angatsike kupyola pa 6.

Satifiketi imeneyi imangochitira umboni kuti mwana wamaliza sekondale. Za kumene akupita siinena kanthu. Mayunivesite a Boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS, zitatu zimene zinali yunivesite imodzi mpaka m'chaka cha 2021, kenaka LUANAR ku Bunda, Mzuzu University, ndi MUST ku Thyolo. Ntchito yolandira makalata a ofuna malo m'menemu imadzera ku bungwe la NCHE. Khomo lake loyamba nlakuti mwana akhale ndi kirediti, kapena kuposapo, m'maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo. Khomo limeneli ambiri amalidziŵa. Koma kuseri kwake kuli khomo lachiŵiri, laling'ono, limene ambiri amalizindikira atagunda kale mutu: maphunziro aliwonse a ku yunivesite ali ndi zofuna zaozao. Wofuna udokotala kapena unamwino amafunsidwa za Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Wofuna uinjiniya amafunsidwa za masamu ndi Physics asanafunsidwe china chilichonse. Wofuna zoŵerengera chuma sangazembe masamu. Makoleji a unamwino a Eklezia, monga St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Muona, nawonso amayang'ana sayansi, ndipo satha kufeŵetsa lamulo chifukwa choti mwanayo ngwa kwaya kapena ngwotumikira pa guwa.

Tiyerekeze tsono ana aŵiri aja. Woyamba wapeza 1 pa Chichewa, 2 pa Bible Knowledge, 2 pa History, ndi 3 pa Geography, pa Agriculture ndi pa Chingerezi. Zonse pamodzi ndi 14. Masamu adapeza 8, Biology 7, ndipo Physics ndi Chemistry adazisiya poloŵa Folomu 3. Wachiŵiri wapeza 5 pa Chingerezi, 3 pa masamu, pa Biology ndi pa Geography, ndi 4 pa Physics ndi pa Chemistry. Zonse pamodzi ndi 22. Pa bwalo la tchalitchi woyamba ndiye ngwazi. Pa tebulo la wolandira makalata ku koleji ya unamwino, kalata ya woyambayo imaikidwa pambali isanaŵerengedwe nkomwe mpaka kumapeto, pamene ya wachiŵiri imaloŵa mu mpikisano. Palibe wadya chiphuphu apa, palibenso wamwaza mankhwala. Ndipo tisamvetsedwe molakwa: mwana woyambayo ali ndi makomo ena otseguka, ndipo ngolemekezeka ndithu. Tsoka lake nlakuti khomo lokhalo limene mtima wake unkafuna adalitseka yekha, asakudziŵa kuti akutseka.

Tsono cholakwa choyamba chimene tiyenera kuchitchula dzina ndicho kupembedza mapointi. Nambala imodzi ija taisandutsa fano. Timaifunsa pa maliro, pa chinkhoswe, ngakhale pakhomo pa tchalitchi: wapeza angati? Palibe amafunsa kuti wapeza pa maphunziro ati. Ana athu si ogontha. Amamva zimene akuluakulu amatamanda, ndipo amachita zomwezo. Mnyamata wochenjera amaŵerengera mumtima mwake kuti akalimbana ndi Chemistry mwina adzapeza 6, koma akathira nthaŵi yomweyo pa phunziro loloŵeza pamtima adzapeza 2, ndipo mapointi ake adzatsika, dzina lake lidzamveka m'mudzi. Poŵerengera sadalakwe. Chimene sadauzidwe nchakuti mapointi otsika opanda maphunziro oyenera ndi chikomekome cha mkuyu. Kunja kuli psuu, koma ukang'amba upeza nyerere.

Pali mantha enanso. Masamu adasanduka chilombo cha m'nthano, chimene ana amayamba kuchiwopa asanachiwone nkomwe. Mkulu wake adalephera, amalume ake adalephera, ndipo amai ake, pofuna kumtonthoza, amamuuza kuti kubanja kwathu kuno masamu sititha. Mau oterewa amanenedwa mwachikondi, koma amagwira ntchito ya temberero. Wina amasiya Physics chifukwa mnzake wapamtima waisiya, ndipo safuna kukhala m'kalasi lina. Wina amaisiya chifukwa mphunzitsi wake ngwaukali. Zifukwa zimenezi nza ana, ndipo sitiŵadzudzula pokhala ana. Tidzudzula akuluakulu amene amalola kuti chifukwa cha masabata aŵiri chigamule zaka makumi anai za moyo wa munthu. M'fanizo la matalente, pa Mateyo 25, wantchito uja adakwirira ndalama ya mbuye wake chifukwa cha mantha, ndipo timakonda kulalikira za ulesi wake. Koma wantchito wa m'fanizoyo anali munthu wamkulu, wodziŵa mtengo wa chimene ankakwirira. Mwana wa Folomu 3 sadziŵa mtengo wake, ndipo nthaŵi zina khasu lokumbira dzenjelo amachita kumpatsa ndife.

Pakuti pali sukulu zina, za Boma, za anthu wamba, ndiponso, tinene mosabisa, zina za Eklezia, zimene zimasamala mbiri yao koposa tsogolo la mwana. Mphunzitsi wamkulu amadziŵa kuti zotsatira zikatuluka anthu adzafunsa kuti akhoza angati, ndipo njira yapafupi yokometsera chiŵerengerocho ndiyo kuchotsa m'kalasi la sayansi aliyense wokayikitsa. Mwana amene adapunthwa pa mayeso a teremu imodzi, mwina chifukwa cha malungo, mwina chifukwa kunyumba kunali njala, amangouzidwa kuti iwe pita uko. Sauzidwa kuti kupita uko kutanthauza chiyani. Makolo ake salemberedwa kalata. Ife sitikana kuti mphunzitsi amadziŵa mphamvu za ana ake, ndipo nkukhala nkhanza kukakamiza mwana kusenza katundu amene adzamthyola msana. Koma uphungu ndi wina, kusesa nkwina. Mphunzitsi wopereka uphungu amakhala pansi ndi mwanayo, namuwonetsa mamalikisi ake a zaka ziŵiri, namuuza makomo amene atsekeke ndi amene atsalire, kenaka naitana kholo. Wosesa amangoŵerenga maina.

Komabe tikadangolekera pa kusankha, tikadachita ngati mwana aliyense ali ndi chosankha. Ambiri alibe. M'chaka cha 1994 Boma lidachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana m'sukulu adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Khamu limeneli lidayenera kupeza kopita, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, zimene timazitcha CDSS. Lero sukulu zambiri za sekondale za Boma nza mtundu umenewu, ndipo ana ambiri a m'miphakati yathu ndiko amaphunzira. Zambiri mwa izo zilibe labotale. Zina zilibe mphunzitsi amene adaphunzira Physics kapena Chemistry ku koleji. Kale maphunziro aŵiriŵa anali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science. Pamene adaŵalekanitsa, cholinga chinali chabwino, choti ana azame, koma sukulu imene inkavutika kupeza mphunzitsi mmodzi tsopano ifunika aŵiri. Pa mayeso a MSCE pali pepala loti mwana achite ndi manja, ayese, asakanize, aone mtundu ukusintha. Mwana wa ku sukulu yogonera konko yokhala ndi zipangizo wakhala akuchita zimenezi kwa zaka. Mnzake wa kumudzi adangoziwona zojambulidwa ndi choko pa bolodi, ndipo mwina botolo la asidi adzaligwira koyamba sabata la mayeso. Onse aŵiri alemba pepala limodzi, nayesedwa ndi muyeso umodzi. Kodi mwana wotereyu akasiya Chemistry tinganene kuti wasankha? Adamsankhira ndi malo amene adabadwira, ndi mamalikisi amene adapeza pa Sitandade 8 ali ndi zaka 13.

Pa 8 March 1992, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno mudaŵerengedwa kalata ya Aepiskopi athu ya nyengo ya Lenti. Anthu amaikumbukira chifukwa cha zimene idautsa pa ndale, koma amaiŵala kuti mbali yake ina inkanena za sukulu: za kuthithikana m'makalasi, za kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku, ndiponso zoti njira zosankhira ana opita ku sekondale ndi ku makoleji ziyenera kudziŵika kwa onse ndi kuwoneka kuti nzachilungamo. Pa mfundo yotsirizayi tayendapo ndithu. Njira yogaŵa malo a ku yunivesite poyang'ana boma limene mwana akuchokera, imene idautsa mikangano kwa zaka zambiri, idathetsedwa m'chaka cha 2020, ndipo zofunika pa maphunziro aliwonse zimalengezedwa poyera. Koma kulengeza nkwina, kudziŵika nkwina. Chikalata cholongosola zofunikazo chimatuluka m'Chingerezi, m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo chimafika m'manja mwa mwana atalemba kale mayeso, pamene madzi adatayika kale. Mwana wa mphunzitsi wa ku koleji adachimva ali Folomu 1, pa chakudya chamadzulo. Mwana wa mlimi wa ku Mayaka kapena ku Nambuma amachiwona koyamba tsiku lodzaza fomu. Lamulo ndi limodzi kwa onse, inde, koma wina adauzidwa lamulolo mpira usanayambe, wina wauzidwa utatha.

Tsono tibwere kwa inu makolo, pakuti nkhaniyi siingathe popanda inu. Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha za maphunziro cha m'chaka cha 1965, udaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi aakulu a ana ao, ndipo kuti udindo umenewu ukasoŵa nkovuta kuti wina aukwaniritse. Ambirife tidamva chiphunzitsochi ngati chonena za katekisimu ndi mapemphero a madzulo okha. Chimafikanso pa pepala lija la Folomu 3. Tikudziŵa chimene ambiri mudzayankhe: ife sukulu tidalekera Sitandade 5, za Physics tingazidziŵe bwanji? Yankho limeneli nlomveka, koma silikwanira. Mai amene sadapite kusukulu amadziŵa kufunsa mtengo wa feteleza m'masitolo atatu asanagule. Bambo wosadziŵa kulemba amayenda mtunda wautali kukafufuza mbiri ya banja limene mwana wake afuna kukwatirako. Luso lofunsa muli nalo kale. Chimene chimakugwirani ndi manyazi oima pamaso pa mphunzitsi wamkulu. Koma akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani ino wodya phulayo ndi mwana wanu.

Palinso makolo a mtundu wina, ambiri mwa iwo ophunzira ndithu, amene cholakwa chao nchotsutsana ndi chimenechi. Iwoŵa adagamula mwana ali kumsana kuti ameneyu adzakhala dokotala. Mwanayo mphatso yake ili pa zilankhulo, amalemba chimangirizo chogwetsa misozi, amakonda mbiri yakale, koma atate ake safuna kumva. Amamkankhira ku sayansi, namulipirira maphunziro apadera a madzulo ndi a tchuthi, mwanayo nkumangofota. Potsiriza amapeza 7 pa Chemistry ndi 7 pa Physics, ndipo maphunziro amene akadapambana nawo adaŵasiya kapena adaŵanyozera. Uku nkutaya zonse ziŵiri. Ife Akhristu tili ndi liu lakuti maitanidwe, ndipo tidalipanikiza kwambiri mpaka likumveka ngati la ansembe ndi asisitere okha. Mlimi, mphunzitsi, woŵeruza milandu, mmisiri wa matabwa, namwino, onseŵa ngoitanidwa. Ndipo woitana ndi Mulungu. Kholo ntchito yake ili ngati ya Eli wokalamba uja, amene sadayankhe m'malo mwa Samuele, koma adamthandiza mnyamatayo kuzindikira mwini mau. Kholo lofuna kuti mwana akwaniritse maloto amene ilo lidalephera likudziika pa mpando umene suli wake.

Pano tiyenera kudzitchinjiriza, kuwopa kuti wina angaganize kuti tikulalikira uthenga wa sayansi yokha. Iyai. Dziko lopanda odziŵa mbiri yake, lopanda olemba bwino chilankhulo chake, lopanda oganiza mozama za chilungamo, lingakhale ndi milatho yolimba koma osadziŵa kumene ikupita. Zimatimvetsa chisoni kumva kalasi la History ndi Bible Knowledge likutchedwa la ofooka, ndipo Chichewa chikutengedwa ngati phunziro longotsitsira mapointi. Aphunzitsi ena amene amanyoza motere ndi omwe amadandaula kuti ana a masiku ano satha kulemba kalata. Chimodzimodzinso ntchito zamanja. Makoleji a luso monga Namitete, Soche ndi Nasawa, pamodzi ndi bungwe la TEVETA limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, amatchulidwa m'mabanja mwathu ngati kothaŵira olephera, chonsecho timapembedza Mpulumutsi amene adakulira m'nyumba ya mmisiri. Wokonza magetsi waluso amadyetsa banja lake pamene ena a madigiri akuzungulira ndi makalata m'maofesi. Koma nayenso masamu amamtsata. Sungayale njerwa kapena kulumikiza mawaya popanda kuŵerengera. Chimene tikunena nchakuti mwana asiye phunziro chifukwa waona kumene akupita, osati chifukwa wathaŵa. Ndipo pali maphunziro aŵiri amene sayenera kunyozeredwa ndi wina aliyense, kaya apita kuti: Chingerezi, chimene ukachilephera satifiketi palibe, ndi masamu, amene kirediti yake imatsekula makomo ambiri koposa phunziro lina lililonse pambuyo pa Chingerezicho.

Za atsikana tinenepo mwapadera, ngakhale mwachidule. Mau akuti sayansi nja anyamata sadalembedwe m'lamulo lililonse, koma amamveka m'makalasi, ndipo nthaŵi zina amatuluka pakamwa pa aphunzitsi. Amamvekanso kunyumba, osati m'mau koma m'ntchito: mnyamata akuŵerenga, mlongo wake ali kumjigo, mnyamata akuyesa masamu, mlongo wake akutsuka mbale mpaka mdima. Masamu ndi Physics safuna nzeru zachilendo, amafuna nthaŵi yokhala pansi tsiku ndi tsiku, ndipo nthaŵi imeneyi ndiyo timamlanda mtsikana, kenaka nkumati mwaona, sangathe. Sukulu za asisitere monga Marymount ku Mzuzu, St Mary's ku Zomba, Providence ku Mulanje ndi Ludzi ku Mchinji zatulutsa madokotala ndi akatswiri a sayansi achikazi kwa zaka zambiri. Atsikana a kumeneko sadabadwe ndi ubongo wina. Adangopatsidwa nyale, desiki ndi mphunzitsi woyembekezera kuti akhoza.

Nanga Eklezia? Timanyadira, ndipo mpake, kuti Zomba Catholic idatsegulidwa m'chaka cha 1942, pamene m'dziko lonse lino sukulu ya sekondale inali imodzi yokha, ndiponso kuti kuyambira m'chaka cha 2006 tili ndi yunivesite yathu ku Nguludi. Koma ana a m'maparishi mwathu amene amaloŵa m'sukulu zotchukazi ngoŵerengeka. Unyinji wao uli ku CDSS ya pafupi ndi msika, ndipo kwa iwoŵa parishi yachita zochepa. Timaŵakonzekeretsa Ukaristia woyamba kwa miyezi, Kulimbitsa kwa miyezi, ukwati kwa miyezi, poti timadziŵa kuti chinthu chachikulu sachiloŵa mwadzidzidzi. Koma pa mphambano imene idzagamule ntchito ya moyo wao wonse timaŵasiya okha. Chonsecho pa mabenchi a tchalitchi chilichonse, Lamulungu lililonse, pamakhala namwino, mphunzitsi wa sekondale, mlangizi wa zaulimi, wophunzira wa ku yunivesite amene wabwera ku tchuthi. Anthu ameneŵa amadziŵa zimene ana athu akusoŵa, ndipo palibe adaŵapemphapo kuti alankhule. Timaŵakumbukira pa nthaŵi ya zopereka za chitukuko basi.

Sipafunika ndalama kuti bungwe la parishi lipatule Loŵeruka limodzi pa chaka, liitane ana onse a Folomu 2 pamodzi ndi makolo ao, ndipo anthu aja alongosole m'Chichewa chomveka kuti ntchito yakutiyakuti imafuna maphunziro akutiakuti. Sipafunika ndalama zambiri kuti chikalata cha NCHE cha chaka chimenecho chisindikizidwe nkukhomedwa pa bolodi la zolengeza, pafupi ndi maina a ofuna kukwatirana, ndipo chizisinthidwa chaka chilichonse, poti zofunika zimasintha ndipo za chaka chatha zingasokeretse. M'miphakati, m'mene timadziŵana nyumba ndi nyumba, mtsogoleri angathe kudziŵa kuti chaka chino ana a Folomu 2 ndi angati, ndipo mwana wamasiye amene alibe womuyankhulira apezeredwe munthu womperekeza kwa mphunzitsi wamkulu. Sukulu za Eklezia zokhala ndi labotale zingathe kutsekulira khomo ana a CDSS yoyandikana nayo pa tchuthi, kuti nawonso agwireko zipangizo zija mayeso asanafike. Ena adzati zipangizo zidzasweka. Zidzaswekadi zina. Koma sitidamange sukuluzo kuti tisunge magalasi.

Nthaŵi yake yochitira zimenezi njodziŵika. Mayeso a JCE, amene adaimitsidwa kwa zaka zingapo nadzayambanso m'chaka cha 2021, amalembedwa kumapeto kwa Folomu 2, ndipo chaka cha sukulu chimayamba m'mwezi wa September. Pakati pamenepa mwana amakhala pakhomo masabata ambiri, ndipo mpamene kholo liyenera kukhala naye pansi, osati kamodzi kokha, kumfunsa chimene mtima wake ukufuna, ndi kumvetsera ngakhale yankho likhale losayembekezeka. Mwana amene sadziŵa chimene akufuna, ndipo ambiri pa msinkhu umenewu sadziŵa, asafulumire kutaya phunziro limene angathe kulisenza; asunge makomo ambiri otseguka mpaka maganizo atakhwima. Sukulu zikatsegulidwa, kholo lipite lokha, kapena litume wachibale, likafunse mafunso oŵerengeka: kodi pasukulu pano maphunziro ati amaphunzitsidwa mpaka Folomu 4, ndipo lililonse lili ndi mphunzitsi wake? Kodi mwana wangayu mwamuika kalasi liti, ndipo chifukwa chiyani? Kodi ndi maphunziro ameneŵa angathe kupempha malo ku koleji imene akuifuna? Ndipo pofika nthaŵi yolembetsa maina ku MANEB, kholo liwone ndi maso ake mndandanda wa maphunziro amene mwana walembetsa, pakuti alipo ana amene amaloŵa m'kalasi la Physics zaka ziŵiri, nalichotsa mwakachetechete tsiku lolembetsa.

Kwa amene mphambanoyi adaipitirira kale, njira siidatsekeke kotheratu. Munthu angathe kulembanso mayeso a MSCE, ndipo sukulu zamadzulo zimene timazitcha open zimalandira ofuna kukonza magiredi ao. Wofuna kukweza masamu kuchoka pa 7 kufika pa kirediti angathe ndithu m'chaka chimodzi, akapeza womthandiza ndi nthaŵi yokhala pansi. Wofuna kuyamba Chemistry imene adaisiya pa Folomu 2 ali ndi phiri lalikulupo, poti ayenera kumeza za zaka ziŵiri m'miyezi yoŵerengeka, m'kalasi lodzaza, dzuŵa litapendeka, kaŵirikaŵiri popanda labotale. Asanalipire kalikonse, ayambe wapita kapena kulembera ku koleji imene akuifunayo, akafunse ngati imalandira magiredi a mayeso olembedwa pa zaka zosiyana, ndiponso giredi yeniyeni imene ifunika pa phunziro lililonse.